Masamu a Miyendo ya Bongololo

Panangokhala, pa zaka zija ana a nyama ankakhala pa benchi limodzi osadyana, panali sukulu ya ana aang'ono imene inkayenda ndi malamulo atatu okha. Amene anaiyambitsa anali Nang'omba, ndipo malamulowo anawalemba yekha pa tsamba loyamba la kaundula wa maina.

Loyamba linali la ntchito yokalembera kunyumba. Nthawi yoweruka ikayandikira, mphunzitsi ankaima kutsogolo kwa kalasi, ana n'kuwerenga miyendo yake mokweza, ndipo kuchuluka kwa miyendoyo ndiko kunali kuchuluka kwa masamu a tsikulo. Nang'omba anachita izi mwanzeru. Ankadziwa kuti mphunzitsi akakwiya amafuna kupereka ntchito yambiri, akakondwa amaiwala kupereka, koma miyendo sisintha ndi mkwiyo kapena chisangalalo. Lachiwiri linali lakuti mphunzitsi achonge yekha makope onse ndi cholembera chofiira, kuyambira kope la pamwamba pa mulu mpaka la pansi, atsirize belu loweruka lisanalire, ndipo asapereke masamu atsopano akale asanachongedwe. Lachitatu linali lalifupi: wolephera kutsiriza ntchito yake katatu, kaya ndi mwana kaya ndi mphunzitsi, dzina lake lifufutidwe m'kaundula.

Malamulowa anayenda bwino zaka zambiri. Nang'omba ankapereka masamu awiri. Atapuma pa ntchito kunabwera Gwape, masamu nakhala anayi. Chaka chimene kunabwera Kangaude makolo anang'ung'udza pang'ono, komabe masamu asanu ndi atatu mwana ankawatsiriza dzuwa likadalipo, napeza mpata wotunga madzi ndi wosewera. Kenaka Kangaude anasamutsidwa, ndipo tsiku lina Lolemba kunafika mphunzitsi wamkulu watsopano, dzina lake Bongololo.

Bongololo anali mphunzitsi weniweni. Sankachedwa, sankakalipa, sankakondera mwana wa munthu. Pophunzitsa ankafatsa monga momwe ankayendera, osasiya mwana m'mbuyo. Ana a m'kalasimo analipo khumi ndi awiri, ndipo tsiku loyamba lomwelo onse anamvetsa masamu ochotsera, amene Kangaude anawaphunzitsa chaka chathunthu osalowa m'mutu.

Nthawi yoweruka itakwana, Bongololo anawerenga tsamba la malamulo, naima kutsogolo monga mwa mwambo. Ana anayamba kuwerenga miyendo. Atafika pa makumi atatu anakhala chete, pakuti manambala amene ankawadziwa anathera pomwepo. Mphunzitsi anawathandiza moleza mtima mpaka ku mchira, ndipo miyendo inakwana mazana awiri. Anatenga choko, nachiduladula, nagawira miyendo yake yakutsogolo, ndipo posakhalitsa bolodi lonse linayera ndi masamu mazana awiri.

M'kalasimo munali Mwandida, mwana wamkazi wa Gologolo, wa zaka zisanu ndi ziwiri. Gologolo anali mayi wamasiye, ndipo mwana anali yekhayo. Iye mwini sanapiteko ku sukulu. Ankasaina ndi chala, ndipo kalata ikabwera ankayenda nayo khomo ndi khomo kufuna womuwerengera, mpaka mudzi wonse unkadziwa nkhani zake iye asanazimvetse bwino. Chaka chimenecho Mwandida anali atayamba kumuwerengera mayi wake makalata, modumphadumpha, koma zomveka. Choncho dzina la mwanayo m'kaundula Gologolo ankaliona ngati chuma chokha chimene anali nacho.

Lachiwiri m'mawa palibe mwana amene anatsiriza. Bongololo anachonga makope, naika kamtanda kamodzi pa dzina lililonse. Lachitatu likudza, timitanda tikanakhala tiwiri, ndipo makolo ambiri anangogwa mphwayi. Nkhanga anati ana ake akachotsedwa azikamuthandiza kutola chakudya. Pusi anati sukulu sinamuthandizepo iye, ndipo ali moyo. Gologolo yekha anapesa mchira wake, napita ku sukulu Lachiwiri lomwelo belu loweruka lisanalire.

Anagwada pakhomo, nalonjera mwaulemu, nati, "Aphunzitsi, ndabwera kudzaona katundu amene mwasenzetsa mwana wanga."

Bongololo anamulandira bwino, namupatsa mpando, namuwerengera tsamba la malamulo liwu ndi liwu. Gologolo anafotokoza kuti mwanayo anayamba kulemba atangofika kunyumba, kumadzi sanapite, anadya pensulo ili m'manja, anzake atamuitana kokasewera anawabweza, ndipo ndi zonsezo anangofika pa samu yakhumi ndi chinayi, m'mawa n'kudzuka maso ali psuu.

"Mayi," anatero Bongololo, "lamulo sindinalembe ndine, ndipo miyendo sindinasankhe ndine."

"Nanga a Nang'omba polemba lamuloli anali atakuonanipo?"

Bongololo anayankha kuti sakudziwa, koma kuti pa tsambapo sipanalembedwe kuti lamulo lileke kugwira ntchito mphunzitsi akakhala wa miyendo yambiri. Anati iye akachepetsa masamu lero chifukwa kholo ladandaula, mawa mphunzitsi wina adzawonjezera chifukwa wakwiya, ndipo sukulu idzayamba kuyendera nkhope ya mphunzitsi. Yankho limenelo linali labwino. Ana anawerenga miyendo, nalandira masamu ena mazana awiri.

Pobwerera kumudzi Gologolo anapeka nyimbo. Iye ankatsogolera, ana n'kumavomera. Mawu ake anali otamanda okhaokha: ankatamanda miyendo ya aphunzitsi umodziumodzi, kukongola kwake ndi kuyenda kwake kwadongosolo, ndipo ana povomera ankafunsa kuti udzawerengedwa liti womaliza. Koma maimbidwe ake anali a nyimbo ya pamaliro, okoka ndi olemera, moti amene ankaimva patali ankavula zipewa. Bongololo anaimva ali pakhomo la kalasi. Anaganizira mawu ake onse, sanapezemo lachipongwe ngakhale limodzi, nawasiya anawo apite.

Lachitatu timitanda tinakhala tiwiri pa dzina lililonse. Kunatsala kamodzi.

Tsono Gologolo ankadziwa chinthu chimodzi chimene mtundu wonse wa a Bongololo sutha kudziletsa: akakhudzidwa mwadzidzidzi amadzipinda ngati nkhata, miyendo yonse n'kubisika m'kati, ndipo sadzitambasula msanga. Masana a tsikulo anabweranso ku sukulu, nati wabweretsa tsache latsopano la m'kalasi. Bongololo anathokoza, namuuza kuti aliike pakona. Inali nthawi yowerenga miyendo. Mphunzitsi atangoima kutsogolo, Gologolo anadutsa kumbuyo kwake ndi tsache lija, mchira wake n'kumupukuta msana wonse kuyambira kumutu. Bongololo anadzipinda pomwepo.

"Pepani, aphunzitsi, mchirawu sumva," anatero Gologolo. Ndipo anatembenukira kwa ana. "Musataye nthawi ya aphunzitsi. Werengani."

Ana anayang'ana uku ndi uku, nazungulira, nasuzumira pansi. Mwendo sanauone. Mwana wa Fulu, amene ankaimba belu, anaona kuti nthawi yakwana, naimba. Tsiku limenelo ana anapita kwawo makope ali opanda kanthu, ndipo nyimbo ija anaiimba mothamanga, akuwomba m'manja, povomera n'kumanena kuti mwendo womaliza wawerengedwa woyamba usanapezeke. Anasewera mpaka kutopa. Palibe amene anatsegula kope.

Lachinayi m'mawa Bongololo sanakalipe. Anauza ana kuti popeza dzulo sanapereke masamu, palibe amene walephera, ndipo kamtanda sakaika. Kenaka anawaitana mmodzimmodzi ku bolodi kuti achotsere manambala monga anawaphunzitsira. Gologolo anali atabisala pawindo kuti aone zipatso za nzeru zake. Anaona Mwandida ataima ndi choko, akuyang'ana samu yomwe Lachiwiri ankaidziwa bwinobwino, osakumbuka poyambira. Mwana wa Nkhanga anachotsera chachikulu m'chaching'ono. Mwana wa Pusi anangoseka.

"Amake Mwandida," anatero Bongololo osacheuka n'komwe, "mchira wanu ukuonekera pawindo. Lowani mukhale pansi."

Gologolo analowa mwamanyazi. Mphunzitsi anamuuza pamaso pa ana kuti chimene mwana waphunzira m'mawa, akapanda kuchigwiranso madzulo, chimatuluka m'mutu. Anati miyendo yobisika ndi miyendo ndithu, ndipo popeza masamu a dzulo sanaperekedwe, lero poweruka aperekedwa pamodzi ndi a lero, onse mazana anayi.

Zoti ntchito ya kunyumba ndi yofunika Gologolo anali ataziona ndi maso ake, ndipo sanafunenso kuti ichotsedwe. Koma masamu mazana anayi anatanthauza kuti mawa lake Lachisanu dzina la Mwandida lifufutidwa. Anakhala pa benchi lakumbuyo osachoka, akuyang'ana mmene mphunzitsi amagwirira ntchito. Anafunsa mwana wa Fulu monong'ona kuti aphunzitsi amatenga nthawi yotani pochonga makope. Mwanayo anati sachedwa konse, amatsiriza pa nthawi yopuma, chifukwa m'makope mumakhala masamu khumi ndi asanu kapena ocheperapo, masamba ena onse ali oyera. Anafunsanso kuti zolembera zofiira zilipo zingati. Mwanayo anati chimodzi.

Gologolo anatsanzika, natuluka. Pakhomo anayenda mwaulemu, koma atangokhota anathamanga.

Anakafika kwa Kapitawo wa Nyerere, amene anali kuyang'anira anthu ake akusenza njere. Analonjerana, nafunsana za moyo, Gologolo nayamikira mzere wa antchito kuti ndi woongoka. Kenaka anapumira m'mwamba, nanena ngati akudzilankhulira yekha kuti ndi zachisoni kuti masiku ano kwapezeka katundu amene palibe mtundu ungamusenze.

Kapitawo anaimitsa mzere, nafunsa kuti katunduyo ali kuti.

Gologolo anati ali ku sukulu, ndipo ana a Gwape amulephera, a Nkhanga amulephera, ngakhale wake yemwe wamulephera. Anati anthu ena amanena kuti mwina ana a Nyerere angayese, koma iye anawatsutsa, poti anawo ndi ochepa msinkhu, asavutitsidwe.

"Mayi, mwatitukwana," anatero Kapitawo. "Ife tinasamutsapo nkhokwe yathunthu ya Njovu, mwini wake ali m'tulo. Katunduyo ndi wolemera bwanji?"

"Masamu mazana anayi pa mwana aliyense, mawa m'mawa akhale atafika."

Kapitawo sankadziwa kuti samu n'chiyani, ndipo sanafunse, pakuti Nyerere sizifunsa zimene zili m'katundu, zimangosenza. Analiza wenzulo. Ana a Nyerere mazana atatu anafola pa mzere, Gologolo ali patsogolo, ulendo wa ku sukulu.

Anafika belu loweruka lisanalire. Bongololo anayang'ana mzerewo, nayang'ana Gologolo. Koma sukulu ya Nang'omba sinabwezepo mwana wofuna kuphunzira, ndipo iye sanafune kukhala woyamba kutero. Analemba maina onse mazana atatu m'kaundula, nawagawira makope, nawafotokozera mwachidule za kuchotsera. Ana anawerenga miyendo, ndipo mphunzitsi anaikhazika pansi yonse kuti ioneke, msana atautsamiritsa kukhoma. Masamu mazana anayi analembedwa. Madzulo amenewo nyimbo ija inaimbidwa ndi khamu, ndipo ana a Nyerere anaisandutsa ya perete, yopondera pamodzi, moti funso lija la mwendo womaliza linkamveka ngati lamulo la msilikali.

Kunyumba Gologolo anauza Mwandida kuti alembe mofatsa, samu iliyonse aiganizire, ndipo asathamangire kutsiriza. Mayankho sanamuuze, poti sankawadziwa, ndipo ngakhale akanawadziwa sakanatero. Lachisanu anamudzutsa m'mamawa, namuperekeza, kuti akhale woyamba kuika kope pa tebulo la mphunzitsi. Anzake khumi ndi mmodzi anaika awo pamwamba pake. Kenaka kunafika a Nyerere, aliyense kope lili pamutu, nasanja makope mazana atatu mpaka mulu unafika kudenga. Kope la Mwandida linali pansi penipeni, ndipo dzina la mwana silifufutidwa kope lake lisanachongedwe.

Bongololo anatsegula kope la pamwamba. Masamu onse mazana anayi anali ndi mayankho. Anakondwa, nati pomaliza wapeza ana omvera. Atayamba kuchonga, chimwemwe chinachepa. Ana a Nyerere anali atadzaza malo onse ndi manambala, popeza anauzidwa kuti malo asatsale, koma manambalawo anangowatola monga amatolera njere. Zisanu kuchotsapo ziwiri, yankho makumi asanu ndi anayi. Ndipo samu yolakwika imadya nthawi kuposa yokhoza, chifukwa mphunzitsi woona sangodula mtanda, amalembanso yankho loyenera pambali. Bongololo anali mphunzitsi woona. Polemba mafunso ankagwiritsa ntchito miyendo makumi anayi, koma pochonga cholembera chinali chimodzi, ndipo ngakhale zikanakhala zambiri, mutu woganizira unali umodzi.

Belu loweruka linalira atachonga makope asanu ndi limodzi. Masamu atsopano sakanapereka. Anauza ana kuti akawerengenso zimene aphunzira, nawalola kupita. Kenaka anatsegula kaundula pa tsamba la aphunzitsi, naika kamtanda pa dzina lake. Palibe amene anamuuza kuti atero, ndipo palibe amene akanadziwa akanapanda kutero.

Loweruka anachonga tsiku lonse osadya. Lamulungu sanakhudze cholembera, pakuti anali wosunga tsiku. Lolemba anaphunzitsa mwachidule, mawu ali otsika, nabwerera ku mulu uja. Belu linalira mulu usanatsike ndi pang'ono pomwe. Anaika kamtanda kachiwiri.

Lachiwiri masana Gologolo anapita ku sukulu kuti akaone mmene zinthu zikuyendera. Ankayembekeza kupeza mphunzitsi wotopa amene angamvere dandaulo lake tsopano. Anapeza ana atakhala chete, akuyang'ana kutsogolo. Bongololo anali atagona pa kope la mwana wa Nyerere, cholembera chili m'manja, ndipo pa tsambalo panali mzere wofiira wokhotakhota wotsetsereka mpaka m'mphepete, pamene tulo tinamupezera. Mwana wa Fulu anayang'ana nthawi, nazengereza, koma anali ataphunzitsidwa kuti belu silidikira munthu. Anaimba.

Bongololo anadzidzimuka. Anayang'ana mulu, nayang'ana mzere wofiira uja, nayang'ana ana. Anakonza kolala yake, natenga kaundula, natsegula tsamba la aphunzitsi.

"Ana inu," anatero, "ndalephera ntchito yanga katatu. Lamulo mukulidziwa. Mawa mukauze makolo anu kuti afune mphunzitsi wina."

Apa Gologolo anachita mantha enieni. Iye ankafuna kupulumutsa dzina la mwana wake, sankafuna kuchotsa mphunzitsi amene anaphunzitsa mwanayo kuchotsera tsiku limodzi. Anapempha kuti asanafufute dzina lake, ayambe waona kope limodzi lokha, la pansi penipeni. Bongololo anakana, nati makope amachongedwa kuyambira pamwamba, ndipo pa tsiku lake lomaliza sangayambe kudumpha mzere.

Gologolo anavomera kuti zimenezo n'zoona. Anatsanzika, natembenuka kuti atuluke, ndipo potembenukapo mchira uja unakankha mulu wonse. Makope anagwa, namwazika m'kalasi monse. Gologolo anapepesa kwambiri, naitana ana a Nyerere kuti amuthandize kutola, ndipo kanthawi kochepa mulu unaimanso mpaka kudenga, wosanjika bwino kuposa kale. Pamwamba pake panali kope la Mwandida.

Bongololo anayang'ana kopelo, natembenukira kwa Gologolo.

"Mayi, mchira wanuwu ukanalowa sukulu, bwenzi uli woyendera masukulu."

"Ndi wosaphunzira, aphunzitsi. N'chifukwa chake umangogunda zinthu."

Kope linali pamwamba, ndipo lamulo linati ayambire pamwamba. Analitsitsa, nalitsegula. Munali masamu asanu ndi anayi okha. Pambali pa samu iliyonse panali timizere tating'ono timene mwanayo ankawerengera, tina todulidwa, kusonyeza zimene wachotsa. Bongololo anachonga yoyamba, yokhoza. Yachiwiri, yokhoza. Anapitirira mpaka yachisanu ndi chitatu osapeza cholakwa. Yachisanu ndi chinayi inali yolakwika, ndipo pansi pake panali mzere wa pensulo wokhotakhota, wotsetsereka mpaka m'mphepete mwa tsamba.

Anaika kope la Mwandida pambali pa kope lija anagonerapo iye. Mizere iwiriyo inali yofanana, wina wakuda, wina wofiira.

Anaitana Mwandida, namufunsa kuti pamenepa panachitika chiyani. Mwanayo anayankha motsitsa mawu kuti sakudziwa, anangoona kuti kwacha.

Bongololo anatseka kaundula osafufuta dzina lililonse. Anati m'masiku anayi wachonga masamu zikwi zambiri, ndipo asanu ndi atatu awa ndiwo oyamba amene mwana anawaganizira. Anati iye alibe mphamvu yodzikhululukira kapena yokhululukira mwanayo, pakuti onse awiri alakwira lamulo limodzi, koma eni sukulu ndi makolo, ndipo mawa awaitana kuti aweruze maina awiriwo, kapena aweruze lamulolo.

Lachitatu makolo anasonkhana. Bongololo anaimirira, nafotokoza zonse mwadongosolo, osabisa kugona kwake. Anayendetsa makope awiri aja kuti aliyense aone. Pusi anali woyamba kulankhula, nati yankho n'losavuta, ntchito ya kunyumba ingothetsedwa, ana azisewera. Ambiri anavomereza. Koma Gologolo anaimirira, nati iye anayesapo kale zimenezo tsiku limodzi, ndipo mwana wake anaima pa bolodi ngati mlendo. Kapitawo wa Nyerere anati iye sakuona vuto, masamu akhale mazana anayi omwewo, ana ake anawasenza. Bongololo anamufunsa mwaulemu kuti zisanu kuchotsapo ziwiri zimatsala zingati. Kapitawo anati zimenezo afunse anawo, iye ntchito yake n'kuyang'anira.

Nkhanga anafunsa kuti ngati miyendo ya mphunzitsi yaleka kukhala muyeso, muyeso ukhala chiyani, popeza popanda muyeso abwerera ku nkhope ya mphunzitsi. Funso limenelo linali loyenera, ndipo anakambirana nthawi yaitali. Pomaliza Bongololo anakweza kope la Mwandida. Anati mwana uyu ndi wakhama, ndipo anakhoza masamu asanu ndi atatu, yotsatira n'kuilemba ali m'tulo. Ngati wakhama afika pamenepo atatheratu, muyeso wa ana onse ukhale theka lake, kuti mwana atseke kope mutu ukadali wake, akatunge madzi, akasewere, agone pa nthawi yake. Anagwirizana kuti ana a msinkhu wa Mwandida azilandira masamu anayi, ocheperapo msinkhu awiri, okulirapo asanu ndi imodzi, tsiku lililonse la sukulu osadumpha, ndipo mphunzitsi azichonga onse ndi kukhala pansi ndi mwana pa samu imene walakwa. Timitanda tonse toikidwa pa muyeso wakale anati tichotsedwe, ta ana ndi ta mphunzitsi. Bongololo sanafune kulemba yekha chigamulo chomupulumutsa, choncho analemba ndi Nkhanga, makolo onse nasaina. Gologolo anadinda chala.

Anthu akumwazika, Gologolo anafuna kuzemba, koma mphunzitsi anamuitana. Anamukumbutsa kuti ana mazana atatu amene anawabweretsa ndi ana a sukulu tsopano, maina awo ali m'kaundula, ndipo sabwezedwa. Benchi lawo kulibe, wowafoletsa m'mawa kulibe, wotolera makope awo kulibe.

"Munawatsogolera pobwera, mayi. Muziwatsogolera tsiku lililonse. Belu loyamba likamalira mukhale muli pano."

Gologolo anayesa kunena za kumunda ndi za msana umene umamuvuta. Bongololo anamvetsera zonse mpaka anatsiriza, namuuza kuti pa benchi lakumbuyo pali malo, ndipo munthu amene amakhala m'kalasi tsiku lililonse sachedwa kudziwa kulemba dzina lake. Kenaka Gologolo anafunsa ngati naye azilandira masamu okalembera kunyumba.

"Awiri," anatero Bongololo. "Ndinu woyamba kumene."

Ndipo anaitana Mwandida, amene anali kudikira mayi wake pakhomo. Anamukhazika pambali pake, natsegula kope pa samu ija yachisanu ndi chinayi, namupatsa pensulo. Mwanayo anajambula timizere take, nadula tina, nawerenga totsala, nalemba yankho. Bongololo analiyang'ana, natenga cholembera chofiira, nachonga.

Nthano yathera pamenepa. Amene ali ndi masamu ake akalembe dzuwa likadalipo.